Mkangano wa Pokémon: kodi osewera akutsutsana chiyani kwenikweni?

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, mphepo ya m'phiri la Dedza ikulowa mpaka m'mafupa, ndinakhala pa benchi ya kashopu kotchajitsa mafoni pa boma. Pambali panga panali anyamata atatu, mitu itagundana pa foni imodzi ya Tecno. Mkangano wawo unali wotentha ngati wa ochemerera Bullets ndi Manoma. Wamkulu pa onsewo ankalumbira kuti pa magemu a Pokémon, yeniyeni ndi yakale yotchedwa Emerald, zotuluka masiku anozi n'zonyengerera ana. Mnzake, amene anaonerapo yatsopano yotchedwa Scarlet pa YouTube, ankati munthu wa maso ake sangasiye dziko lalikulu loyendamo mwaufulu n'kumakakamira tizithunzi takalekale. Wachitatu, mwana wa mlongo wanga, anali duu, akungoyendetsa kamunthu kake m'maudzu.

Madzulo ake tikuwotha moto, mlongo wangayo anandifunsa: "Achimwene, inu munkasewerapo zimenezi. Tinyama timene mwanayu akuchezera nato usiku n'totani? Ena akuti n'zamizimu, ena akuti zikumuthandiza Chingerezi, iyeyo ndi anzake akungokangana. Ndimve ziti?"

Ine ndinayamba kusewera Pokémon ndili ku pulayimale, pa ka Game Boy kamene amalume anabwera nako kuchokera ku Joni, ndipo mpaka lero ndimaikonda. Funso la mlongo wanga sindinalitenge mopepuka. Mkangano wa anyamata aja uli padziko lonse, pakati pa anthu a ndevu zawo, ndipo suzilala chifukwa otsutsanawo sayeza chinthu chimodzi. Kafunseni pa Lizulu kuti mbatata ya kachewere yabwino ndi iti. Mlimi atchula yobereka kwambiri ndi yopirira matenda. Wokazinga tchipisi atchula yosamwa mafuta. Venda wopita nayo ku Blantyre atchula yosawola panjira. Palibe akunama, koma sadzagwirizana. Osewera Pokémon nawo ali choncho.

Gemu yake ndi yotani

Dzina lakuti Pokémon ndi chidule cha Pocket Monsters, kutanthauza tizilombo ta m'thumba. Gemu yoyamba inatuluka ku Japan pa 27 Febuluwale 1996, m'mitundu iwiri, Red ndi Green. Inapangidwa ndi kampani ya Game Freak, ndipo inkaseweredwa pa Game Boy, kamakina ka Nintendo kogwira m'manja kamene kanatuluka mu 1989, koyendera mabatire 4, ka sikirini yopanda mitundu. Ku America inafika mu 1998 ndi mayina akuti Red ndi Blue, ku Ulaya mu 1999.

Wosewera amakhala mwana amene wachoka pakhomo kukayenda dziko. Amasankha kanyama kamodzi koyambira pa titatu: ka udzu, ka moto kapena ka madzi. Akamadutsa m'tchire amakumana ndi tinyama tina, amatifooketsa pa nkhondo, n'kutiponyera kampira kotigwirira. Amaloledwa kuyenda ndi tinyama 6 tokha, ndipo kalikonse kamasunga njira zomenyera zosapitirira 4. Nkhondo yake si yothamangitsa zala ngati mpira wa pa PlayStation. Ndi yopatsana mpata: iwe usankhe chochita, mdani asankhe chake, kenako muone zotsatira. Madzi amazimitsa moto, moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi. Magetsi amapweteka za m'madzi ndi zouluka, koma za m'nthaka saziopsa. Magulu oterewa anali 15 poyamba, lero alipo 18. Ulendo umatha wosewera akagonjetsa akatswiri 8 a m'mizinda, kutolera mabaji awo, n'kukakumana ndi akatswiri omaliza otchedwa Elite Four ndi ngwazi yawo. Pambali pa zimenezi pali ntchito yodzaza Pokédex, kaundula wa tinyama tonse.

Msana wa gemuyi sunasinthe kwenikweni chiyambire 1996, ndipo kusiyana maganizo kumayambira pomwepa. Ena amati ndiye ubwino wake: nsima ikhale nsima, zisinthe ndi ndiwo. Ena amati kampani yopeza ndalama zambiri chonchi sinayenere kumaphika chimodzimodzi kwa zaka pafupifupi 30.

Kugwira ndi kusinthana: mtima wa nkhani yonse

Amene anayambitsa Pokémon ndi Satoshi Tajiri, wobadwa mu 1965, amene anakulira ku Machida, m'mphepete mwa Tokyo. Ali mwana ankakonda kusaka tizilombo m'madambo ndi m'nkhalango, mpaka anzake anamupatsa dzina lakuti Dr. Bug. Akukula anaona madambo aja akukwiriridwa, pamalo pake pakumera misewu ndi mashopu. Gemu imene anaiganiza inali yoti mwana wa m'tauni amveko chisangalalo chosaka chija. Aliyense amene anakumbapo nkhululu ndi kamtengo, kuthamangitsa ziwala m'dimba, kapena kulawirira ngumbi pa chulu mvula yoyamba itagwa, akudziwa chimene Tajiri ankatanthauza. Sukoma ndi kudya kokha ayi. Chimakoma ndi kudziwa malo, nyengo, ndi mtundu wosowa umene mnzako sanaugwirepo.

Koma Tajiri anaona chinthu china. Game Boy inali ndi kachingwe kolumikizira makina awiri, ndipo magemu ena ankakagwiritsa ntchito popikisana basi. Iye anaganiza za kachilombo kakuyenda pa chingwecho kuchoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo. Ntchito yosandutsa ganizoli kukhala gemu inatenga zaka pafupifupi 6.

N'chifukwa chake Pokémon imatuluka iwiriiwiri. Mu Red munali Ekans, Growlithe ndi Scyther, amene mu Blue munalibe. Mu Blue munali Sandshrew, Vulpix ndi Pinsir, amene mu Red simukanawapeza ngakhale mutasaka chaka chathunthu. Tinyama tina, monga Kadabra, Machoke, Graveler ndi Haunter, sitifika pa msinkhu womaliza pokhapokha titadutsa pa chingwe kupita kwa wosewera wina. Munthu mmodzi payekha sangadzaze kaundula. Anazikonza dala kuti mwana adzuke, apite kwa mnzake, akambirane: ndikupatsa aka, iwe undipatse ako. N'chimodzimodzi mmene amayi amasinthanirana mbewu ya nyemba, kapena anyamata oweta nkhunda amabwerekanirana yaimuna kuti khola likhale ndi mtundu wabwino.

Osewera amagawanika pa mfundoyi. Alipo amene amati mitundu iwiri ija ndiyo inasandutsa gemu ya munthu mmodzi kukhala chinthu cha gulu, ndipo ambiri amakumbukira mnzawo wa ubwana chifukwa cha kanyama kamene anasinthana. Alipo amene amati lero, poti kusinthana kumachitika pa intaneti ndi munthu amene simudzamuona nkhope, chifukwa chija chinatha, chatsala n'chakuti banja la ana awiri ligule kawiri. Kusinthana pa intaneti ndi anthu a padziko lonse kunayamba ndi magemu a Diamond ndi Pearl mu 2006. Kwa ine, ichi ndicho chinthu chachikulu chimene chinasintha m'mbiri ya gemuyi, kuposa zithunzi zokongola zimene anthu amatchula msanga. Ngati chinasintha molimbikitsa kapena mofooketsa, aliyense amayankha malinga ndi ngati anali ndi mnzake wa chingwe pafupi.

Mibadwo, ndi chifukwa chake aliyense amaikira kumbuyo wake

Osewera akamati "m'badwo" amatanthauza gulu la magemu obwera ndi dziko latsopano ndi tinyama tatsopano. Woyamba unali ndi tinyama 151, kuphatikizapo Mew, kobisika kamene wopanga mapulogalamu Shigeki Morimoto anakalowetsa kumapeto kwenikweni kwa ntchito. Gold ndi Silver za 1999 zinafikitsa chiwerengero pa 251, n'kubweretsa usana ndi usiku woyendera wotchi yeniyeni. Ruby ndi Sapphire za 2002, pa Game Boy Advance, zinafika pa 386, ndipo Emerald ya 2004 imene mnyamata uja ankailumbirira ndi ya m'banja limeneli. Diamond ndi Pearl zinafika pa 493, Black ndi White za 2010 pa 649, X ndi Y za 2013 pa 721. Lero tinyamati tapitirira 1,000.

Mukamvetsera bwino mikangano ya osewera mupeza kuti ambiri amatamanda m'badwo umene anaupeza ali ndi zaka za ku pulayimale. Sindikunena izi monyoza. Agogo amene anavina ingoma ali anyamata sangavomere kuti ya masiku ano ikufika pa ya nthawi yawo, ndipo mwina zina akunena zoona, koma mbali ina akukumbukira miyendo yawo ikadali yamphamvu.

Nkhani ya Black ndi White imaonetsa bwino zimenezi. Mu gemu imeneyi Game Freak inaika tinyama 156 tatsopano, n'kubisa takale tonse mpaka wosewera atamaliza ulendo waukulu. Pikachu yemwe, wodziwika ndi dziko lonse, sankapezeka m'tchire. Osewera akale anadandaula kuti opanga atha nzeru, n'kuloza Vanillite kooneka ngati ayisikilimu ndi Trubbish kooneka ngati jumbo la zinyalala. Oikira kumbuyo anayankha kuti m'badwo woyamba womwewo unali ndi Grimer, amene ndi matope onyansa chabe, ndi Voltorb, amene ndi mpira wokhala ndi maso. Patapita zaka, ana amene anakulira pa Black ndi White atakula n'kuyamba kulankhula, gemu yomwe ija inayamba kutchulidwa pakati pa zabwino kwambiri, makamaka chifukwa cha nkhani yake. Mu kasetiyo simunasinthe kanthu. Anasintha ndi olankhula.

Dexit: tsiku limene khola linachepa

Mawu awa mudzawamva msanga mukayandikira osewera akale, ndipo amawatchula ndi mkwiyo weniweni. Kuti muwamvetse, dziwani kaye kuti kuyambira pa Ruby ndi Sapphire, kanyama kamene munagwira kankatha kusamutsidwa kuchoka m'badwo uno kupita wotsatira, kuchoka pa Game Boy Advance kupita pa makina otsatira a Nintendo DS, kenako pa 3DS. Munthu ankatha kukhala ndi kanyama kamene anagwira mu 2003 ali mwana, n'kumamenya nako nkhondo mu 2017 ali ndi ana ake. Ganizirani mlimi wa ku Tsangano amene ng'ombe zake zinachokera pa thadzi limene bambo ake anamusiyira. Pamsika ndi ng'ombe ngati ina iliyonse, koma kwa iye ayi.

Mu Juni 2019, Junichi Masuda wa ku Game Freak analengeza kuti mu Sword ndi Shield, zotuluka pa Nintendo Switch mu Novembala chaka chomwecho, simudzalowa tinyama tonse. Kaundula wa dziko la mu gemuyo anali ndi malo 400, pomwe tinyama tonse tinali titayandikira 900. Zifukwa zimene anapereka zinali ziwiri: ntchito yojambula ndi kuyendetsa tinyama tochuluka chonchi pa makina atsopano, ndi kufuna kuti nkhondo zikhale zolingana mphamvu. Poti dziko la mu gemuyo analitengera ku Britain, osewera anaphatikiza Pokédex ndi Brexit, kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union, n'kupanga dzina lakuti Dexit.

Okwiya ankati gemu imene inakula ndi mfuu yakuti gwirani tonse yathyola lonjezo lake, ndipo zithunzi zimene zinatuluka sizinaoneke zokwanira kulipirira zimene zinatayika. Ena ankati chiwerengero chokula chaka ndi chaka chinayenera kudzafika pena poti sichingasenzeke, ndipo kuchepa kwa tinyama kumapatsa mpata tina timene tinkaphimbika. Mu 2020 zowonjezera zogula padera zinabwezeretsa tinyama toposa 200, ndipo izi zinabala dandaulo lina, lakuti anthu akulipira kawiri. Komabe Sword ndi Shield zinagulidwa makope oposa 25 miliyoni. Mbali iliyonse imawerenga nambala imeneyi mwa njira yake: awa amati ikusonyeza kuti odandaula anali ochepa ofuula kwambiri, awo amati ikusonyeza kuti kampani ikudziwa kuti anthu agula zivute zitani.

Nkhani yofanana inabweranso mu Novembala 2022 ndi Scarlet ndi Violet. Kwa nthawi yoyamba wosewera ankatha kulowera kulikonse kumene wafuna popanda kutsata msewu umodzi, ndipo ambiri anakondwera nazo. Koma gemuyo inatuluka ikudodoma, zithunzi zikuduka, anthu a mu gemu akumira m'nthaka, mpaka Nintendo inapepesa poyera. M'masiku 3 oyamba inali itagulidwa makope oposa 10 miliyoni. Ndi nyumba yaikulu ya mapulani abwino imene mwini walowamo pulasitala asanaume: wina akuyamikira kukula kwa zipinda, wina akuloza ming'alu, ndipo zonse zilipodi.

Yaphweka kwambiri kodi?

Kanyama kakapambana nkhondo kamapeza mapointi okulira. Kale mapointiwa ankapita kwa kamene kamenya nkhondoyo, choncho kulera gulu lonse kunkafuna kuleza mtima kwa maola ambiri. Kuyambira pa X ndi Y, chida chotchedwa Exp. Share chinayamba kugawira gulu lonse nthawi imodzi, ndipo pofika pa Sword ndi Shield panalibenso pochizimitsira. Osewera akale amati izi zinachotsa thukuta. Amakumbukira Miltank, kang'ombe ka mtsikana wotchedwa Whitney mu Gold ndi Silver, kamene kankagubuduka n'kufafaniza gulu lonse kenako n'kudzichiritsa ndi mkaka wake, ndi Garchomp wa Cynthia mu Diamond ndi Pearl. Amati kupambana kumene sunakuvutikire sikukhalitsa m'mutu. Oyankha amati kubwerezabwereza nkhondo zopanda pake m'maudzu si luso, n'kutaya nthawi, ndipo munthu wapantchito amene ali ndi theka la ola madzulo sangakwanitse. Amakumbutsanso kuti gemuyi imapangidwira mwana wa zaka 8, ndipo amene akuiona yophweka ndi munthu amene waisewera kwa zaka 20. Njira yosankha kuvuta kapena kuphweka, imene magemu ena ambiri ali nayo, inaonekapo mu Black 2 ndi White 2 za 2012 koma sinapitirire.

Poona kuti kampani siwapatsa kuvuta kumene akufuna, osewera anadzipangira malamulo awoawo. Otchuka ndi a Nuzlocke, amene anayamba cha mu 2010: pa dera lililonse ugwire kanyama koyamba kokha kamene wakumana nako, ndipo kakakomoka pa nkhondo ukatenge ngati kafa, osakagwiritsanso ntchito. Ambiri amawonjezera lakuti kalikonse ukapatse dzina, kuti kutayika kwake kukupweteke.

Pansi pa gemu ya ana imeneyi palinso ina yozama, imene ambiri samaiona. Kanyama kalikonse kamabadwa ndi manambala obisika, kuyambira 0 mpaka 31, pa mbali 6 za mphamvu zake. Kali ndi khalidwe limodzi mwa 25, ndi mapointi ena okwana 510 amene woweta amagawa malinga ndi mmene akukaphunzitsira. Tinyama tiwiri ta dzina limodzi ndi msinkhu umodzi tikhoza kusiyana liwiro ndi pointi imodzi, ndipo pointi imeneyo ndiyo inganene womenya poyamba. Ndi ngati bawo: mwana amaona kutapa ndi kugawa nkhomo, mkulu wa pansi pa mtengo amakhala atawerenga kale mayendedwe angapo kutsogolo. Pali mpikisano wa dziko lonse, ndipo mu 2014 Se Jun Park wa ku South Korea anaupambana ali ndi Pachirisu m'gulu lake, kagologolo kamagetsi kamene ambiri ankakayesa kachabechabe. Kwa wosewera wotere, funso lakuti nkhani ya mu gemu ndi yophweka silimukhudza n'komwe. Iye amayeza gemu ndi mmene ikumuthandizira kukonza gulu la mpikisano mwachangu. Ndiye pali wina, wosaka tinyama ta mtundu wachilendo wonyezimira, timene kale tinkapezeka kamodzi pa 8,192 ndipo kuyambira 2013 kamodzi pa 4,096. Ameneyu akhoza kukhala sabata yathunthu pa kadambo kamodzi, osamenya katswiri ngakhale mmodzi, n'kunena kuti wasangalala.

Mmene gemuyi imafikira kwathu kuno

Apa ndi pamene maganizo a osewera a kunja amasiya kutikwana. Gemu yatsopano ya pa Switch imagulitsidwa madola pafupifupi 60, osawerengera makina ake, ndalama imene banja la ku Bembeke kapena ku Kampepuza lingayambe laganizira feteleza. Anyamata amene ndimawaona amasewera pa foni, kudzera pa pulogalamu yotchedwa emulator, imene imachititsa foni kudziyesa Game Boy. Gemu yeniyeniyo imakhala fayilo yokopedwa kuchokera mu kaseti. Emerald ndi FireRed ndi mafayilo a 16 MB okha, osadya bandulo, otumizirana pa Bluetooth, osafuna intaneti posewera, ndipo foni yotsika mtengo imawanyamula bwinobwino. N'chifukwa chake mnyamata wobadwa Emerald itatuluka kale akhoza kuitcha gemu ya ubwana wake mofanana ndi munthu wa zaka 30 wa ku Osaka.

Koma sasewera chinthu chimodzi ndendende. Pa emulator pali batani lothamangitsa gemu, pali njira yosunga pamene wafika ngakhale pakati pa nkhondo n'kubwerera ukalakwitsa, pali manambala obera. Palinso magemu amene osewera anasintha okha, monga Radical Red, ovuta kuposa a kampani, moti mwana akhoza kusewera miyezi osadziwa kuti imene ali nayo si ya Game Freak. Ndipo kachingwe kaja kulibe. Ma emulator ena amatha kulumikiza mafoni awiri, koma ambiri sadziwa kapena sizimawayendera.

Za malamulo nazo zili ndi mbali ziwiri. Nintendo imati kukopa mafayilo amenewa n'kuba, ndipo imachitapo kanthu: mu Malichi 2024 opanga emulator ya Switch yotchedwa Yuzu anavomera kulipira madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Ife sitingadabwe ndi mfundoyi, poti oimba athu akhala akulira ndi okopera nyimbo m'mamemori khadi, ndipo bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha nkhani zomwezi. Osewera ena amayankha kuti makaseti akale anasiya kupangidwa, timabatire ta mkati mwa ena tinatha n'kufufuta zonse zimene ana anasunga, ndipo shopu ya pa intaneti ya 3DS, imene inkagulitsa Red, Blue, Gold ndi Silver, inatsekedwa mu Malichi 2023. Amafunsa kuti gemu imene mwini wake sakuigulitsa kwanuko isungidwe ndi ndani.

Zimene makolo amafunsa

Mlongo wanga sanali woyamba kuda nkhawa. Mu 2001 Saudi Arabia inaletsa Pokémon, potchula juga ndi chiphunzitso chakuti zamoyo zinachita kusanduka. Mawu akuti evolution alimodi mu gemu, koma chimene chimachitika n'chakuti kanyama kamodzi kamakula n'kusintha thupi, monga mbululu isanduka chule. Caterpie, kambozi, kamadzitsekera m'chikwa n'kutuluka gulugufe wotchedwa Butterfree. Tinyama ta gulu la mizukwa tilimo, monga Gastly ndi Gengar, ndipo mu gemu yoyamba muli nsanja ya manda ku Lavender Town. Tina tinatengedwa m'nthano za ku Japan, monga Ninetales, nkhandwe ya michira 9. Mabanja ena amaziona ngati nthano za Kalulu ndi Fisi, ena chikumbumtima chawo sichilola, ndipo ndi bwino kholo lione lokha lisanagamule.

Pa za juga, magemu akale, kuphatikizapo FireRed ndi Emerald amene ali m'mafoni ambiri kuno, ali ndi nyumba ya makina a mwayi yotchedwa Game Corner. Ndalama zake ndi za mu gemu, si zenizeni, ndipo kuyambira pa Black ndi White makinawa anachotsedwa. M'nthawi ino imene kubetcha pa foni kwafala pakati pa achinyamata, kholo liyenera kudziwa kuti chinthuchi chilimo. Pa za kumenyanitsa nyama, tinyamati sitifa, timakomoka n'kukachiritsidwa ulere, koma funsolo ndi loona ndithu, moti nkhani ya Black ndi White inamangidwa pa gulu lonena kuti tinyama timasulidwe m'manja mwa anthu. Za Chingerezi, anthu a mu gemu salankhula ndi mawu omveka. Zonse n'zolembedwa, ndipo mwana amene sawerenga amasochera. Ine mawu ambiri a Chingerezi ndinawaphunzirira pamenepo. Koma tulo ta mwana ndi homuweki yake sizisamala kuti gemuyo ndi yophunzitsa.

Mafunso amene akadali poyera

Kodi idzatulukanso gemu yokhala ndi tinyama tonse pamodzi, kapena khola logawikana ndilo lakhazikika? Pali malo osungira pa intaneti otchedwa Pokémon Home, amene anatsegulidwa mu 2020, koma kusunga kanyama kumeneko si kuyenda nako. Ndipo malo a pa intaneti akadzatsekedwa, monga anatsekera a DS mu 2014, kanyama ka 2003 kaja kadzapita kuti?

Kodi gemu imodzi ingakwanitse mwana wa zaka 8 ndi bambo ake amene anayamba mu 1998? Game Freak yayesapo njira zina, monga Legends: Arceus ya Januwale 2022, imene inasintha kagwiridwe ka tinyama, koma osewera sanagwirizane ngati imeneyo ndiyo njira ya mtsogolo kapena kanjira kapambali. Palinso funso la mwini ganizo. Mu Sepitembala 2024, Nintendo ndi The Pokémon Company anasumira Pocketpair, opanga gemu ya Palworld, ku khoti la ku Tokyo pa nkhani ya mapatenti, ziphaso zoteteza luso limene munthu watulukira. Osewera ena amati n'kuteteza ntchito ya thukuta, ena amaopa kuti zidzatseka pakamwa aliyense wofuna kupanga gemu yogwira tinyama.

Maiko a mu gemu atengedwapo ku Japan, New York, France, Hawaii, Britain, Spain ndi Portugal. La ku Africa silinaonekebe, ndipo palibe chiyankhulo cha kuno chimene gemuyi inamasuliridwamo. Kodi kampani imawerengera osewera amene saoneka m'mabuku ake a malonda? Nanga maganizo a mwana wa pa foni ya Tecno ali ndi malo pa mkangano wa dziko lonse uja, poti iye sanagule kaseti?

M'mawa mwake ndinamufunsa mwana wa mlongo wanga chifukwa chake anali chete anzake akukangana. Anandionetsa Kadabra wake, amene wamulera kuyambira ali Abra wa m'phanga mpaka kupitirira levo 50. "Amalume, akuti ameneyu amasanduka Alakazam ukasinthana ndi munthu. Ndisinthane ndi ndani, poti tonse atatu timasewerera foni imodzi?"